Za Billy Carter, mwasiya nkhani ya ndalama

Nkhani imene mwalemba yangoti Billy Carter, mng'ono wa Jimmy Carter amene anali pulezidenti wa America, anatchuka ndi nthabwala, koma za ndalama yazidumpha. Mkulu wake Jimmy atalowa ku White House mu 1977, atolankhani ankakhamukira pamalo a Billy omwetsera mafuta ku Plains, Georgia, iye n'kuyamba kulipiritsa akamuitana kukaonekera. Chaka chomwecho kampani ya Falls City inatulutsa mowa wa Billy Beer. Ambiri anangolawa, osabwereza, kampaniyo n'kutsekedwa mu 1978.

Chomwe chinamugwetsa kwenikweni ndi madola 220,000 ochokera ku boma la Libya, amene ankati ndi ngongole. Lamulo la ku America limafuna kuti woimira boma lakunja alembetse. Iye anazengereza kulembetsa ngati woimira Libya mpaka 1980, nyumba ya malamulo ya Senate n'kuyamba kumufufuza pamene mkulu wake anali pa kampeni. Billy anamwalira mu 1988 ali ndi zaka 51.