Kachilombo kalibe chipani, atolankhani inu!

Ndakwiya ndipo sindibisa. Usiku wathawu pa wailesi ya kanema ina panali pulogalamu yokumbukira mliri wa Covid-19. Ola lathunthu. Alendo awiri, onse andale, wina wa chipani cholamula, wina wotsutsa. Dokotala panalibe. Namwino panalibe. Wamasiye ngakhale mmodzi panalibe. Woulutsayo akamafunsa wa mbali imene eni wailesiyo amaikonda, mawu ofewa, kumwetulira, kugwedezera mutu. Akatembenukira kwa mnzakeyo, kumudula pakamwa asanafike n'komwe pa mfundo yake. Ndinasintha tchanelo, n'kupeza zomwezo, kungoti wokondedwa uja kuno ndiye wodulidwa mawu. Ndinazimitsa.

Malume anga anapita ndi matenda amenewa. Tsiku lomaliza kulankhula nawo pa foni, ali m'chipatala, chimene ndinkamva kwambiri kunali kupuma kwawo. Mawu awiri, kenako kukoka mpweya ngati munthu wothamanga pachitunda, mawu ena awiri, kukokanso. Kachilomboko sikanawafunse kuti amavotera ndani. Ndiye inu atolankhani mwayamba liti kugawa mitembo, iyi ya boma, iyi ya otsutsa?

Matenda alibe khadi la chipani. Mapapo akadzaza madzi, amadzaza chimodzimodzi mwa wovala malaya ofiira ndi wovala abuluu. Koma kuyambira pa 11 March 2020, pamene bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti uwu ndi mliri wa dziko lonse, nkhani ya moyo ndi imfa inasanduka kampeni. Taonani za ku America. Chaka cha chisankho chimenecho, kansalu kotchinga pakamwa ndi mphuno kanasanduka mbendera. Wovala akudziwika mbali yake, wosavala akudziwika mbali yake. Woonera Fox News ndi woonera CNN ankagona usiku umodzi ngati anthu okhala m'mayiko awiri osiyana. Donald Trump atayamikira mankhwala a hydroxychloroquine, ena anawakweza ngati mpulumutsi, ena anawanyoza chifukwa cha pakamwa pomwe dzinalo latulukira. Amene anathetsa nkhaniyo ndi ofufuza a ku Britain mu June 2020, atayesa pa odwala enieni n'kupeza kuti sakuthandiza ogonekedwa m'chipatala. Mwezi womwewo anapezanso kuti dexamethasone, mankhwala akalekale otsika mtengo, akuchepetsa imfa mwa odwala kwambiri. Nkhani imene munthu wofuna kupulumutsa m'bale wake ankaifuna ndi imeneyo. Dziko la America linataya anthu oposa 1 miliyoni ndi mliriwu.

Ndipo musandiuze kuti mbali imodzi yokha ndiyo yolakwa. Funso loti kachilomboka kanachokera kuti, kumsika wa nyama ku Wuhan kapena mu labotale, mu 2020 nyumba zambiri zoulutsa nkhani zinkalitenga ngati lamisala chifukwa Trump ankalifunsa. Mu May 2021 Joe Biden atalamula kuti lifufuzidwe, mwadzidzidzi linakhala funso laulemu. Funso lomwelo! Chinasintha ndi wofunsa basi.

Njovu ziwiri zikamamenyana umavutika ndi udzu. Udzuwo ndi mayi wokhala pafupi ndi wailesi yake amene akufuna kumva chinthu chimodzi chokha, akabayitse katemera kapena ayi. M'malo momuyankha mukumuuza kuti nduna yakuti yachita manyazi, mtsogoleri wakuti wapambana pa mtsutso. Mawa lake akakhulupirira uthenga wabodza wa pa WhatsApp, inu nomwe mukulemba kuti anthu ndi osaphunzira. Mwamuthamangitsa ndinu! Munthu akazindikira kuti wailesi imanama pa zandale, saikhulupiriranso ngakhale ikanena zoona za katemera.

Chifukwa chake tonse tikuchidziwa, mwini wailesi ali ndi mnzake ku ndale, ndipo mkangano umakoka otsatsa malonda.

Chimene chimandipweteka n'choti mukafuna mumatha. Ku Brazil, mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, Jair Bolsonaro, anati matendawa ndi kachimfine chabe, ndipo mu June 2020 boma lake linasiya kuonetsa chiwerengero chonse cha omwalira. Nyumba zankhani zopikisana zinagwirana manja n'kuyamba kuwerenga zokha kuchokera m'zigawo. Ntchito yanu ndi imeneyo. WHO inati m'zaka za 2020 ndi 2021 zokha mliriwu unachititsa imfa za anthu pafupifupi 14.9 miliyoni. Anthu onsewo, inu n'kuitana andale awiri kuti adzalozane zala?

Ndipo ya Omicron sindinaiiwale. Asayansi a ku South Africa ndi Botswana anachita chilungamo, anauza dziko lonse mu November 2021 za mtundu watsopanowu wa kachilomboka umene anaupeza. Malipiro ake, kutsekeredwa maulendo a ndege, America n'kuika mayiko 8 a kumwera kwa Africa pamndandanda. Nyuzipepala ina ku Spain mpaka inasindikiza katuni ya boti lodzaza tizilombo tankhope zakuda tikulowera ku Ulaya. Patangopita masiku ochepa dziko la Netherlands linaulula kuti kachilomboko kanali kale kwawo South Africa isanalengeze. Imeneyo munailemba ndi zilembo zazikulu ngati yoyamba ija?