Mashini otsukira galimoto achoke padenga

Ana inu, tamverani kuno. Khalidwe mwaliyambali, lokwera padenga ndi mashini opopera madzi mwamphamvu aja otsukira galimoto, ati kuchotsa ndere kuti nyumba iwale, ndi chibwana chophetsa. Ndikunena inu anyamata a maganyu ku Joni, komanso inu eni nyumba ku Lilongwe ndi ku Blantyre amene mukangoona pa Facebook denga lakuda bii likuyera mbee, mtima umakuthawani.

Denga analipanga kuti lizilandira mvula yogwa kuchokera kumwamba n'kutsetsereka, n'chifukwa chake lata lakumtunda limaphimba lakumunsi. Tsono inu mukaloza payipi chokwezeka, madzi amalowa mosanjikizana malata muja, n'kukanyowetsa mitengo, siling'i ndi mawaya a magetsi. Ndipo si madzi amasewera. Mashiniwa amaponya madzi ndi mphamvu yoposa mabar 100, pamene a pampope wa kunyumba safika n'komwe pa 10. Amasupula penti, amazula timphira tapamisomali, amakokolola timiyala tomatidwa pa malata aja a Harvey tile. Tsikulo mumaombera m'manja kuti ntchito yagwirika. Mvula ya Disembala ikabwera, mabeseni ali ndandanda pabalaza, kenako dzimbiri.

Koma zimenezo n'zandalama chabe, zimabwezeka. Chandilembetsa ine ndi asibesitosi.

Nyumba zambiri zakale ku Soweto, ku Cape Town, ku Harare, ngakhale kwathu kuno, zinafoleredwa ndi malata otuwa aja okhuthala ngati simenti. Mkati mwake muli tiulusi ta asibesitosi, mwala womwe uja ena mwa agogo athu ankakumba m'migodi ya Zvishavane ndi Mashava ku Zimbabwe. Lata lotere likakhala osalikhudza, tiulusito timakhala tomangika musimenti. Mukalipopera mwamphamvu mumalisenda khungu. Matope oyererako amene amayenderera pakhoma, kudzaza pabwalo, kudonthera kwa aneba, ndi tiulusi timeneto. Dzuwa likawomba matope aja amauma n'kusanduka fumbi. Amayi akusesa m'mawa alipuma. Mwana wokwawa alipuma. Ovolosi yanu mukapita nayo kunyumba, wochapayo alipumanso.

Kuipa kwake, fumbili silitsokomoletsa lero. Limakhazikika m'mapapo zii, zaka 20, 30, mwina 40, kenako munthu n'kuyamba kubanika. Pali khansa ina yotchedwa mesothelioma, yogwira kachikopa kokuta mapapo, imene kwenikweni imayamba ndi asibesitosi, ndipo madokotala amangochepetsa ululu ndi kutalikitsako masiku. Iwe mnyamata wa zaka 25, bwana wakupatsa marandi a tsiku limodzi, matendawo adzakupeza uli kumudzi ku Mzimba kapena ku Mangochi, bwanayo atakuiwala kalekale. Kansalu kapamphuno kaja tinkavala nthawi ya Covid-19 sikatchinga tiulusi timeneti, musadzinamize.

Boma la South Africa linaletsa asibesitosi mu 2008, ndipo malamulo a mu 2020 amakaniza kutsuka malata amtunduwu. Ndiye bwana wokutuma ntchitoyo akudziwa chifukwa chake sanaitane kampani yovomerezeka. Waona kuti Mmalawi wosowa mapepala sakadandaula kulikonse. Safunsa anadya phula: usanakwere makwerero, funsa kuti dengalo ndi lachiyani. Akayamba kuzungulirazungulira, nyamula chikwama chako.

Nanga kugwa? Ndere ikanyowa imaterera ngati therere. Manja onse awiri agwira mfuti ya payipi, imene imakankha munthu chambuyo ukangoitsegula, payipiyo yakukulunga m'miyendo, kuphazi wavala patapata, chingwe chodzimangirira palibe. Lata la asibesitosi lokalamba ndiye silichenjeza, limangoti phwa, munthu n'kupezeka pansi pasimenti, msana utathyoka. Pakona pa denga pomwepo ndi pamene pamalowera waya wa magetsi wochokera papolo, inu muli chonyowa thupi lonse. Madziwo pawokha amang'amba khungu. Kabala kake kamaoneka kakang'ono, koma zonyansa zimakhala zalowa mkati, ndipo wotere athamangire kuchipatala tsiku lomwelo osati kumangapo kansanza.

Inunso eni nyumba, manyazi akugwireni. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mungamukweze mwana wanu wobereka padenga lonyowa opanda chingwe, kuti alendo a pa Khirisimasi aone nyumba yowala?

Ngati denga ndi la malata wamba ndipo ladadi, tsache lofewa ndi payipi ya pampope zikwanira, kuyambira pamsonga kutsikira m'munsi, wokwerayo atadzimangirira ndipo wina atagwira makwerero. Dulani nthambi zimene zikuchititsa mthunzi, poti ndere imakonda pachinyezi. La asibesitosi lisiyeni ndi kuda kwakeko. Osalipala, osaliboola, ndipo likayamba kudontha itanani anthu ovomerezeka kugwira ntchito ya asibesitosi adzaliphwasule.