Mu gemu aliyense amalipira, kuno ku Nchalo ayi

Amayi akuti foni yandilodza. Tikatseka lesitilanti yathu madzulo, mbale titatsuka, ine ndimakhala pakhonde n'kuyambanso kuphika, koma pa foni. Gemu yake ndi Cooking Fever, ya kampani ya Nordcurrent ya ku Lithuania, yomwe inatuluka mu 2014. Dzulo anachita kundiimirira kumutu: "Iwe, tsiku lonse unali pamoto, usikunso ukuphikira anthu a m'foni osakupatsa ngakhale 1 tambala?"

Kwa inu amene simunaisewerepo, umayamba ndi kamalo kogulitsa ma burger, ma hot dog ndi zakumwa. Kasitomala akafika, chimene akufuna chimaoneka pambali pake, ndipo ukamachedwa nkhope imasintha mpaka amanyamuka. Nyama ukaiiwala pachiwaya imapserera, n'kutaya. Ukachita changu amakusiyira kapamwamba. Ndalamazo ndiye umagulira ziwiya zabwinoko kapena kukongoletsera malo.

Sindinama, pali chimene yandiphunzitsa. Kale 12 koloko ikakwana, akabaza ndi anthu ochokera kuminda ya nzimbe akalowa nthawi imodzi, mutu unkaima. Ndinkathamangira amene wakuwa kwambiri, wofika poyamba n'kumangomeza malovu pakona. Pano maso anazolowera kugwira anthu anayi pakamodzi, ndipo ndinadziwa kuti nkhondo ya masana imamenyedwa m'mawa: 11 koloko izikwana mitanda ili kale m'bakuli, mlamba wakazingidwa, madzi osamba m'manja ali pakhomo. Chaka chatha titapeza kaphindu, amayi ankafuna makatani ndi nsalu za patebulo. Ine ndinakakamira mbaula yachiwiri, chifukwa mu gemu ndinaluzapo kambirimbiri ndili ndi matebulo okongola koma chiwaya chimodzi. Tinagula mbaula. Amayi savomera pakamwa kuti ndinalondola, koma makatani aja sanawatchulenso.

Komano gemuyi ndi yabodza, anzanga. Mulibe dzuwa la kuchigwa kuno, lija la mu Okutobala lopitirira madigiri 40, loti tomato wogula m'mawa pofika 2 koloko wafewa ngati phala. Mulibe zoti magetsi azima nyama ya ku Ngabu ili mufiriji. Sindinaonemo mafuta ophikira atakwera mtengo, kapena wamakala atalephera kubwera.

Bodza lalikulu ndi ili: mmenemo aliyense akadya amasiya ndalama pakauntala.

Kwathu kuno pali kope. Lachikuto chofiira, lothimbirira ndi msuzi, limakhala pansi pa beseni la ndalama. Munthu amadya nsima ya mitanda itatu, kusamba m'manja bwinobwino, kutotokosa m'mano, kenako n'kutsitsa mawu: "Mayi, mundilembe, mwezi ukatha tionana." Mumukaniza bwanji munthu amene wadya panu zaka zinayi, amene anakumba nawo manda a agogo anu? Amayi amalemba. Ena amabweradi mwezi ukatha, ena amayamba kudzera njira ya kuseri kwa msika. Nanga amalume akatulukira ndi anzawo awiri pochokera kogulitsa mbuzi? Amenewo ngakhale m'kope salowa. Amangoti "mwaphika bwino, mphwanga," basi nkhani yatha.

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, kope lija linadzaza mpaka tinagula lina. Anthu nyumba zitagwa, chimanga chitapita ndi madzi, ukawauza chiyani? Masamba ena amayi anachita kung'amba okha n'kusonkhezera moto. Mpamba unatsala pang'ono kutheratu, ndipo panalibe batani loti n'kudina kuti tiyambirenso levulo. Koma ambiri mwa anthu omwe aja ndi amene amadzaza mabenchi athu lero, ndipo amabwera ndi anzawo. Zimenezi gemu siingaziwerengere, chifukwa kasitomala wa mmenemo sakumbukira kanthu. Ukamukwiyitsa lero, mawa wabweranso akumwetulira. Wa ku Nchalo ukamuchititsa manyazi pa nkhani ya mbale imodzi, mpaka ku Bangula akamva.

Ndiye ndikamaona anzanga akuti "ndafika levulo 40, bizinesi ya zakudya ndingaithe," ndimati bwerani mudzagwire kope sabata imodzi yokha. Ndipo inu anyamata ndi atsikana odziwa kupanga mapulogalamu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, tipangireniko yathu. Muikemo nsima yomwe imachita mibulu ukachedwa kuvundula, muikemo kuzima kwa magetsi, levulo yomaliza ikhale ya amalume.

Ndikulemba izi foni ili pa 9 peresenti, ndipo amayi akundiitana kuti ndiwawerengere mayina a m'kope poti magalasi awo sakuwaona. Mawa ndi tsiku lamalipiro, tiona amene adutse kumaso.