Mlamba wa banjo: wa ku Peru ndi wa ku Brazil sasungidwa mofanana

Wogulitsa nsomba zosunga m'thanki akangoti "banjo", mufunseni kumene nsombayo yachokera. Dzinali limaphimba mitundu yambiri ya banja la Aspredinidae, ndipo madzi amene ina imakonda, ina amaidwalitsa.

Ya ku Peru imatumizidwa kunja kuchokera mumzinda wa Iquitos, ndipo kawirikawiri imakhala Bunocephalus coracoideus, yomwe katswiri wa zamoyo Edward Cope anaipatsa dzina mu 1874 itagwidwa ku Nauta, tauni ya m'dziko lomwelo. Mutu wake ndi wophwatalala, khungu la timatuza lopanda mamba, mchira wowonda ngati ndodo, ndipo imalekera pa masentimita 11 kapena 12. Ikagona pansi mungayese tsamba lofota. Mitsinje ikuluikulu ya kumeneko ndi yamatope, choncho pH (muyeso wa asidi m'madzi) ya 6 mpaka 7.5 ndi kutentha kwa madigiri 24 mpaka 27 zimaikwanira.

Ku Brazil m'pofunika maso. Mtundu womwewu ulikonso, koma kumathiriro a mtsinje wa Amazon kuli Platystacus cotylephorus, yamchira wonga wa mkunga. Yang'anani chipsepse cha kunsi: chikakhala chachitali mpaka pafupi ndi nsonga ya mchira, ndi imeneyo. Imafika masentimita 30, imakhala m'madzi osakanikirana ndi a m'nyanja yamchere, ndipo yaikazi imanyamula mazira atamatirira pamimba. Thanki ya malita 60, yomwe imakwanira Bunocephalus awiri, kwa iyi ndi ndende.

Malamulonso anayenda njira zosiyana. Kwa zaka zambiri Brazil inkalola kutumiza kunja mitundu yokhayo yolembedwa pa mndandanda wa IBAMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, pamene Peru imalemba yoletsedwa, yotsalayo n'kumadutsa. Njira ya Brazil inali yokhwima, komabe ndimaiona yabwinoko kwa wosunga nsomba, chifukwa inkakakamiza wotumiza kutchula dzina la mtundu. Ufulu wa ku Peru umabweretsa mitundu yochuluka, koma udindo wozindikira umagwera inuyo wogula.

Kulikonse kumene yachokera, pansi pa thanki pakhale mchenga wosalala wokuya masentimita 4 kapena 5, ndi masamba ouma pamwamba pake. Miyala yakuthwa imakanda mimba ndi ndevu, zilonda n'kuyamba. Masana imadzikwirira, maso okha kuonekera.

Chimene chimapha zambiri ndi njala. Banjo ndi waulesi, sathamangira chakudya, ndiye nsomba zachangu zimamaliza zonse iye ali gone. Dyetsani mutazimitsa nyali: nyongolotsi zoduladula kapena chakudya chomira, mutaponya pafupi ndi pamene yabisala. Mimba ikalowa m'kati, dziwani kuti sikudya.

Mukaona khungu likusupuka ngati kansalu koyera, musathamangire mankhwala, imafundula mwachibadwa. Mankhwala okhala ndi kopa ndi oopsa kwa nsomba yopanda mamba. Ndipo mukaitola n'kukhala chete ngati yafa, yang'anani kaye ngati makha akupuma musanaitaye.