Kamera siona zimene zili mumtima mwa munthu

Ambiri amene akufuna kuyamba kulemba mafilimu amathamangira filimu ya maola awiri, yodzaza ndi anthu ongolankhulana tsamba ndi tsamba, kenako amaisiyira panjira. Ine maganizo anga ndi akuti muyambe ndi masamba asanu basi.

Pa ntchitoyi pali muyezo wodziwika. Tsamba limodzi la script, kutanthauza nkhani yolembedwa kuti ijambulidwe filimu, likalembedwa ndi zilembo za Courier za saizi 12, limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema. N'chifukwa chake filimu yathunthu imakhala ndi masamba 90 mpaka 120. Masamba asanu ndi filimu ya mphindi zisanu, yoti mutha kuijambula ndi foni mothandizana ndi anzanu. Ndipo foniyo musainyoze. Filimu ya Tangerine inajambulidwa ndi iPhone 5s, koma mu 2015 inaonetsedwa ku Sundance Film Festival, chionetsero chotchuka cha mafilimu ku America.

Koma chimene ndikufuna tichimvetse bwino ndi ichi: kamera siona maganizo a munthu. M'buku mutha kulemba kuti mayi anakwiya chifukwa mwana wawo anawanamiza. Mu script chiganizo chimenecho n'chakufa, poti wojambula alibe pomwe angalozetse kamera. Lembani zimene diso lione ndi zimene khutu limve. Mayi akupinda zovala. Mwana akulowa, akupereka moni. Mayi sakuyankha, sakudzutsa n'komwe mutu. Akutenga malaya omwe apinda kale, kuwafunyulula, n'kuyambanso kuwapinda. Mwana waima pakhomo, chikwama chikadali paphewa. Apa woonera wadziwa kale kuti m'nyumbamu muli nkhani, chonsecho palibe amene wanena kuti "ndakwiya".

Zimandipweteka ndikaona wolemba waluso akuika zonse m'kamwa mwa ochita sewero, ngati kuti woonera ndi mwana wofunika kumutafunira. Abale awiri a Lumière anaonetsa mafilimu awo ku Paris mu 1895, pomwe mafilimu aatali okhala ndi mawu anayamba mu 1927. Kwa zaka zoposa 30 anthu ankaseka ndi kulira poonera mafilimu osamva liwu la wosewera aliyense, kupatula timawu tochepa tolembedwa pa sikirini. Charlie Chaplin anatchuka dziko lonse m'nyengo imeneyo. Nkhope ndi manja zinkagwira ntchito imene ife lero tikuisenzetsa pakamwa.

Za kalembedwe musachite nazo mantha. Sini iliyonse, kutanthauza kachigawo ka filimu kochitikira pamalo amodzi, imayamba ndi mzere umodzi wonena ngati zikuchitikira mkati kapena panja, INT. kapena EXT., kenako malo ake, kenako usana kapena usiku. Mzerewu sauika pongokometsera. Wopanga filimu akalandira script yanu amayamba wawerenga mizere imeneyi kuti adziwe kuti malo ojambulira ndi angati ndipo masini a usiku ndi angati, chifukwa usiku umafuna magetsi owunikira ndi anthu owayendetsa. Mukalemba malo 20 ndi magalimoto othamangitsana, mwadzitsekera nokha khomo. Chipinda chimodzi, anthu awiri, wina akufuna chinthu chimene mnzake akukaniza: n'zokwanira.

Mukamaliza, itanani anzanu awerenge mokweza, aliyense mbali yake, inu mukhale chete n'kumamvetsera. Pamene lilime la wowerenga lapunthwa, pamenepo pali mawu amene munthu weniweni sangalankhule. Fufutani. Pamene omvera ayamba kugwira mafoni awo, sini yatalika.

Ndipo muziwerenga ma script a anzanu amene anatsogola. A BBC ali ndi nkhokwe ya ma script pa intaneti yoti aliyense awerenge mwaulere. Sankhani imodzi, werengani sini imodzi, kenako onerani sini yomweyo pa kanema, pepala lili m'manja. Muone mawu amene anawadula pojambula, ndipo mudzifunse chifukwa chake anawadula.