Prado yowala koma yopanda mbiri: apa a ku Joni atiposa

Ena mukwiya, komabe ndinena. Pankhani yogula galimoto zikuluzikulu zoyenda kale, za mtundu wa Prado, Fortuner kapena BMW X5, anzathu a ku Joni anatisiya kutali. Sindikunena za ndalama ayi, ndikunena za kabuku ka sevisi, kolembedwamo mbiri ya kakonzedwe ka galimoto.

Posachedwa ndinakaona Prado ina kuno kwathu, yopukutidwa bwino, mipando yachikopa yokwana banja lonse ndi apongozi omwe. Nditafunsa za kabukuko, wogulitsa anangoseka, amvekere: "Bwana, tangomvani mmene ikulirira injini." Kodi kulira kwa injini kungandiuze kuti oilo wa giyabokosi anasinthidwa liti? Nanga makilomita ali pa dashibodiwo, ndani angalumbire kuti sanabwezedwe?

Ku South Africa boma sililola kuti galimoto zakale zakunja zizilowa mwachisawawa. Zija za ku Japan zotsikira pa doko la Durban zimangodutsa, ulendo wa kwa ife ndi maiko ena. Ndiye imene ukugula kumeneko kawirikawiri inagulidwa yatsopano komweko, mwinanso inapangidwa komweko: Fortuner amaipanga ku Durban, BMW X3 ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria. Nthawi zambiri galaja imene inaigwirapo inadinda chidindo chake m'kabukumo, ndipo ukhoza kuimba foni kukatsimikiza. Umwini usanasinthe, galimoto imayamba yayesedwa ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu. Kuno timangogogoda tayala ndi phazi, basi malonda atheka!

Chilungamo chake, nakonso si kumwamba. Galimoto zamtunduwu ndi zomwe akuba amazikonda, choncho popanda chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti si yakuba, usayerekeze kuyandikira nayo pa Beitbridge kapena pa Mwanza. Makilomita akenso amakhala ambiri, dziko lija ndi lalikulu. Apa za ku Japan zodzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe zimawina, zambiri sizinayende kwenikweni, ndipo zodutsa pa okushoni zimakhala ndi pepala losonyeza zilema zake. Koma funsani pepalalo galimoto ikafika kuno, mumva kuti linatsalira kudoko.

Chimene chimandiwawa n'chakuti izi si Vitz yoti makaniko aliyense pansi pa mtengo aikonza. Ikafa turbo kapena sasipenshoni ya mpweya, sipeya yake uyitanitsa ku Joni komweko, galimoto ili pa miyala, ana akukwera minibasi, wogulitsa uja foni sakuyankhanso.