Chenjezo kwa ophunzira amene asiyira foni ntchito ya mutu

Lachitatu lapitali ndinalowa m'kashopu kena ka fotokope ku Area 25 kuti ndikapulintitse makalata a penshoni yanga, ndipo zimene ndinaona m'menemo zandisowetsa tulo kufikira lero. Patsogolo panga panali anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi a pa sukulu ina ya ukachenjede mumzinda muno, aliyense akudikira kuti asayimenti yake ituluke m'makina. Mapepala atayalidwa pathebulo ndinaona ndi maso angawa kuti mawu ake anali amodzimodzi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndipo chosiyana chinali dzina ndi nambala ya wophunzira pachikuto basi. Mtsikana wogwira ntchito m'shopumo ndiye amene anawalozera kuti pamwamba panatsalira chiganizo chimene ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti yoyankha mafunso ndi kulembera anthu, imayambira nacho poyankha munthu. Onse anayi anaseka, anafufuta mzerewo, n'kupulintitsanso. Nditafunsa mnyamata amene anali pafupi nane kuti ntchito yakeyo ikukamba za chiyani, anayamba wasuzumira pachikuto, kenaka anati, "Madala, masiku ano sitivutikanso, zonse zili pafoni."

Kodi ana inu, manyazi munawasiya kuti? Bambo anu anagona masiku angapo ku Kanengo kudikira kuti mabelo awo a fodya agulidwe, mayi anu anagulitsa mbuzi yomaliza pamsika wa Mitundu, onsewo pofuna kuti inu mupeze fizi ndi laputopu, ndiye inu mukuwabwezera mapepala amene simunawawerenge n'komwe? Ena mwa inu mukuphunzira ndi ngongole ya boma yochokera ku bungwe loona za ngongole za ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Imeneyo ndi ngongole, mudzabweza ndithu, ndipo mnzanu wina wanzeru anatsala kumudzi chifukwa ndalamazo sizinamukwanire. Nanga mukazilandira zimapita kuti? Zimathera m'mabandulo oonera TikTok mpaka tambala woyamba, zimathera kubetcha mpira wa ku England, zimathera m'manja mwa akathyali amene amalonjeza likasa pa WhatsApp n'kuzimitsa foni akangolandira ndalama. M'mawa munthu akulowa m'kalasi maso ali psuu, akukhala kumbuyo kwenikweni, timawaya tili m'makutu, mphunzitsi akuyankhula yekha ngati wolalikira pa depoti.

Chimene chikundiopsa kwambiri ndi chakuti anthu amenewa akatuluka adzagwira miyoyo yathu. Namwino amene anakhoza mayeso ndi mayankho okopera adzaima usiku pambali pa mwana wodwala malungo, magetsi atazima, netiweki kulibe, ndipo adzayenera kudziwa yekha mlingo wa mankhwala a malungo a LA malinga ndi kulemera kwa mwanayo. Adzafunsa ndani? Mlangizi wa zaulimi adzafika m'munda wa mayi wamasiye ku Malingunde, chimanga chitayezuka masamba, ndipo sadzasiyanitsa njala ya feteleza ndi matenda, kapena kudziwa kuti wokulitsa ndi uti, wobereketsa ndi uti. Mlimi amene sanapite patali ndi sukulu amadziwa kuti mizere imatalikirana masentimita 75 ndipo mapando a chimanga masentimita 25, mbewu imodzi paphando. Kodi wa digiri adzayamba watsegula foni kuti amuyankhe? Mphunzitsi wa mawa amene sanalembepo yekha ndime imodzi adzachonga bwanji chimangirizo cha mwana wa Fomu 2? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: gawuni ndi chipewa zidzawala pa tsiku la mwambo, zithunzi zidzadzaza Facebook, koma m'mutu mulibe kanthu.

Ndipo makina amene mwawakhulupirirawo amanama. ChatGPT inatuluka mu November 2022, ndipo ngakhale eni ake amalemba pansi pake kuti imalakwitsa. Imapeka mayina a mabuku amene sanalembedwepo, imapeka olemba ndi zaka, imayankha za dothi la ku Lilongwe ndi mtima wonse ngati inalimapo, ndipo wophunzira amanyamula bodza lonselo n'kulisindikiza pansi pa dzina lake. Kodi umenewu si umbava wophatikiza ndi ulesi? Kale wokopera ankalemba ndi dzanja lake, kotero kuti pang'ono pokha pankatsalira m'mutu. Wa lero sawerenga ngakhale chimene waba.

Ndisanamizidwe kuti ndimadana ndi intaneti. Ife m'masiku athu tinkalimbirana buku limodzi m'layibulale anthu makumi anayi, ukalipeza unkaloledwa kukhala nalo maola ochepa, ndipo tinkakopera ndi dzanja mpaka zala kuchita dzanzi. Lero mwana wa ku Kawale ali ndi mabuku a dziko lonse m'thumba mwake, akhoza kuonera mmene mtima umapopera magazi, akhoza kumva maphunziro a akatswiri a ku London ali m'minibasi yopita ku Likuni. Mwayi umene ife tinkaulota ndi umenewu, ndipo ndiwo umene ukupondedwa ndi mapazi. N'chifukwa chake mtima ukundiwawa.

Inunso aphunzitsi a m'sukulu zimenezi musaloze ana okha. Chichokereni pamene sukulu zinatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, ena mwa inu munazolowera moyo wofewa, ndipo mliriwo utatha chizolowezicho sichinathe. Mumatumiza manotsi kwa mtsogoleri wa kalasi kuti awaponye pa gulupu ya WhatsApp, inu muli ku msonkhano wa kunyanja, ndipo mumati mwaphunzitsa. Manotsi ake ndi omwe aja a zaka khumi zapitazo, mafunso ake ndi omwe aja amene ali kale m'foni ya wophunzira aliyense. Nanga anayi aja anakapereka mapepala ofanana chifukwa chiyani, ngati sanali otsimikiza kuti palibe amene adzawawerenge? Mungapereke bwanji malikisi pa ntchito imene simunaitsegule? Kuitana wophunzira mmodzimmodzi, kumukhazika pampando ndi kumuuza kuti afotokoze ndi pakamwa pake chimene analemba, kumafuna ndalama zingati? Ndikudziwa kuti makalasi ndi aakulu ndipo alipo aphunzitsi amene amachonga mpaka usiku, koma amene mumasayina digiri ya munthu wosadziwa kanthu mudzagona pa bedi la m'chipatala chimene iye akugwiramo ntchito.

Pali linanso limene sindingalisiye. Kujambula mnzanu mobisa m'chipinda chogona, kumwaza zithunzi za chibwenzi chimene chatha, kutukwana mphunzitsi pa tsamba la dzina labodza, zonsezi mumaziyesa masewera a ubwana. Lamulo la mu 2016 loona za zochitika pa intaneti limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pa makina, ndipo limatengera munthu kundende. Ngakhale mutapulumuka kwa apolisi, chimene mwaponya pa intaneti sichifufutika, ndipo wolemba ntchito adzachipeza musanalowe n'komwe mu ofesi yake.

Makolo nanunso lekani kunyadira kuti mwana wanu amachezera pa laputopu usiku wonse musanafunse chimene akuchitapo. Akabwera pa holide, mulandeni foniyo kwa ola limodzi, mumupatse pepala ndi cholembera, alembe chimene waphunzira chaka chonse. Ndipo inu anayi a ku Area 25, ngati mawu awa akufikani, kang'ambeni mapepala aja, mukhale pansi mulembe nokha. Mwatichititsa manyazi mokwanira.